Makoma Olalikira: Mafunso ndi Mayankho pa Zojambula za M'chapelo ndi Masakramenti

Chapelo ndi katchalitchi kapadera: ka pasukulu yogonera konko, ka pachipatala cha mishoni, ka m'nyumba ya asisiteri kapena ka ku seminale. Matchalitchi akuluakulu amakhalanso ndi machapelo m'mbali mwake. Popeza malowa ndi ochepa, chilichonse choikidwamo chimaonekera msanga. Komabe Akhristu ambiri amagwadamo zaka ndi zaka osadziwa chifukwa chake pachitseko cha tabernakulo pali mbalame yodzijompha pachifuwa, kapena chimene nsomba yosemedwa paguwa ikutanthauza. Nawa mafunso amene ophunzira katekisimu, makolo ndi abale athu a mipingo ina amakonda kufunsa.

Kodi zojambula ndi zosema zimenezi si zongokongoletsa nyumba ya Mulungu?

Kukongoletsa kulipo, koma si ntchito yake yoyamba. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti sakramenti ndi chizindikiro chooneka, chokhazikitsidwa ndi Khristu, chimene chimapereka chaulere chosaoneka. Zipangizo zake ndi zodziwika kwa aliyense: madzi, mafuta, mkate, vinyo, manja osanjika pamutu ndi mawu otuluka pakamwa. Koma mwambo wa sakramenti suchedwa kutha. Madzi a ubatizo amauma pamutu pa mwana anthu asanafike kunyumba, ndipo mawu a chikhululukiro amamveka kamodzi basi. Wojambula amatenga zimene zachitika m'kanthawi kochepako n'kuziika pakhoma kuti maso azizionanso tsiku lililonse. Amaonjezeranso nkhani ya m'Baibulo imene mwambowo unachokera, kuti wobatizidwa aone kuti madzi amene anam'thira ndi a m'nkhani imodzi ndi Nyanja Yofiira ndi mtsinje wa Yordano.

Cha m'ma 600, Serenus, episkopi wa ku Marseille, anaphwanya zithunzi za m'matchalitchi ake ataona kuti anthu ena akuzipembedza. Papa Gregory Wamkulu anamulembera kalata yomuyamikira poletsa kupembedzako, koma anamudzudzula chifukwa chophwanya. Mfundo yake inali yakuti munthu wosadziwa kuwerenga amapeza pakhoma zimene mnzake amapeza m'buku.

Pali malire oyenera kuwadziwa. Chithunzi si sakramenti. Ngakhale chitadalitsidwa ndi wansembe, chithunzi cha ubatizo sichibatiza munthu, ndipo chosema cha Mgonero wa Ambuye sichilowa m'malo mwa Misa. Ntchito yake ndi kuloza.

Nanga si mafano amenewa, oletsedwa m'malamulo khumi?

Funso ili ndi lakale, ndipo linakhetsapo magazi. Buku la Eksodo, mutu 20, limaletsa kupanga fano ndi kuligwadira ngati mulungu. Koma m'buku lomwelo, mutu 25, Mose akulamulidwa kupanga akerubi awiri agolide pa Bokosi la Chipangano. M'buku la Numeri, mutu 21, akupanga njoka yamkuwa kuti olumidwa aziiyang'ana n'kuchira. Patapita zaka zambiri, anthu atayamba kuifukizira lubani, mfumu Hezekiya anaiphwanya. Nkhani ya njokayi ikuonetsa mbali zonse ziwiri: chifaniziro chingathandize, ndipo chomwecho chingasanduke msampha.

Mu ufumu wa Byzantium munali nyengo ziwiri zowononga zithunzi zopatulika pakati pa cha m'ma 726 ndi 843. Yohane wa ku Damasiko anaziteteza ponena kuti Mulungu wosaoneka sakanajambulika, koma popeza Mwana wake anasanduka munthu, wokhala ndi nkhope ndi manja, tsopano akhoza kujambulidwa. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea, mu 787, unasiyanitsa kupembedza, koyenera Mulungu yekha, ndi kulemekeza, ndipo unanena kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa amene wajambulidwayo. Msonkhano wa ku Trent unabwereza zomwezi mu 1563, n'kutsindika kuti m'chithunzi mulibe umulungu kapena mphamvu yoti munthu aidalire.

Choncho Mkatolika amene amaganiza kuti chosema cha pa parishi yakuti chili ndi mphamvu kuposa cha kwawo wasemphana ndi chiphunzitso cha Mpingo wake womwe.

Akhristu anayamba liti kujambula masakramenti?

Zakale kwambiri zimene zilipo mpaka lero ndi za m'zaka za m'ma 200. Ku Rome, m'mbali mwa msewu wakale wa Via Appia, kuli manda apansi otchedwa a Callixtus. M'menemo muli tizipinda timene akatswiri anatitcha ta masakramenti chifukwa cha zimene zinajambulidwa pamakoma ake. Pali msodzi akuvuula nsomba m'madzi, munthu akubatizidwa, Mose akumenya thanthwe madzi n'kutuluka, wopuwala atasenza mphasa yake, anthu asanu ndi awiri atazungulira chakudya cha nsomba ndi mitanga ya mikate, Abrahamu ndi Isaki, komanso Yona akulavulidwa ndi chinsomba. Pamalo ena a manda omwewo pali nsomba pamodzi ndi mtanga wa mikate.

Ku Dura-Europos, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates ku Syria, Akhristu anasandutsa nyumba wamba kukhala yopemphereramo cha m'ma 240. Chipinda chimene anachikongoletsa ndi zithunzi chinali chobatiziramo. Pamwamba pa chitsime cha ubatizo anajambula Mbusa Wabwino atanyamula nkhosa, ndipo pamakoma panali Yesu ndi Petro akuyenda pamadzi, wopuwala wochiritsidwa, ndi mayi akutunga madzi. Zotsala za zithunzizi zimasungidwa ku Yale University ku America.

Chochititsa chidwi n'chakuti Akhristu oyambawa sankangojambula mwambo weniweniwo. Ankasankha nkhani za anthu opulumutsidwa, ndipo wobatizidwa ankadziona yekha mwa Yona ndi mwa nkhosa yonyamulidwayo. Ankajambula masakramenti awiri makamaka, Ubatizo ndi Ukaristia.

Kodi chilipo chithunzi chosonyeza masakramenti onse asanu ndi awiri pamodzi?

Chilipo, ndipo chodziwika kwambiri ndi cha Rogier van der Weyden, chimene anachijambula pakati pa 1445 ndi 1450. Lero chili m'nyumba yosungira zaluso ku Antwerp, m'dziko la Belgium. Nthawi yake ili ndi tanthauzo. Mndandanda wa masakramenti asanu ndi awiri unamveka bwino ndi Peter Lombard cha m'ma 1150, unatchulidwa pa Msonkhano wa ku Lyon mu 1274, ndipo unalongosoledwa mwatsatanetsatane pa Msonkhano wa ku Florence mu 1439. Van der Weyden anajambula patangopita zaka zochepa kuchokera pamenepo.

Chithunzichi chili ndi zigawo zitatu zimene zonse pamodzi zimapanga mkati mwa tchalitchi chimodzi chachikulu. Kumanzere, pafupi ndi woonerera, khanda likubatizidwa. Kumbuyo kwake episkopi akulimbitsa ana, ndipo chakumapeto munthu wagwada akulapa. Ukawolokera kumanja, kumbuyo kwenikweni mnyamata akudzozedwa unsembe, pakati mwamuna ndi mkazi alumikiza manja, ndipo kutsogolo wodwala wagona pabedi akudzozedwa mafuta. Maso akatsata njira imeneyi amakhala ayenda moyo wonse wa munthu, kuchokera kuchikuta mpaka pakhomo la imfa. Pamwamba pa sakramenti lililonse pali mngelo, ndipo zovala za angelowa zimayambira zoyera pa ubatizo kukathera zakuda pa bedi la wodwala.

Chigawo chapakati ndicho chachitali kuposa zinzake. Pakati penipeni pa tchalitchi paima mtanda waukulu, Yesu atapachikidwapo, amayi ake akukomoka m'manja mwa Yohane. Kuseri kwa mtandawo, patali, wansembe wakweza mkate wopatulika paguwa. Wojambulayo akunena zinthu ziwiri popanda mawu: masakramenti onse amatunga mphamvu pa mtanda, ndipo Ukaristia suli pamzere umodzi ndi ena asanu ndi limodzi aja, uli pakati pawo.

Patapita zaka pafupifupi 200, Nicolas Poussin wa ku France anajambula masakramentiwa kawiri, lililonse pachithunzi chakechake. Iye anasankha njira ina: ambiri anawaonetsa ndi nkhani za m'Uthenga Wabwino, monga Yesu akupereka makiyi kwa Petro ndi mayi wochimwa akupukuta mapazi a Yesu m'nyumba ya Simoni.

N'chifukwa chiyani chitsime cha ubatizo chimaikidwa pafupi ndi khomo, ndipo nthawi zambiri chimakhala ndi mbali zisanu ndi zitatu?

Ubatizo ndiwo khomo la masakramenti ena onse, choncho malo a chitsime akulalikira kale. Kale m'mizinda ina ankamanga nyumba yobatiziramo payokha, kunja kwa tchalitchi, kuti munthu alowe m'tchalitchi atabatizidwa. Madzi odalitsidwa amene timaviikamo zala pakhomo ndi chikumbutso cha zomwezi.

Mbali zisanu ndi zitatu zili ndi magwero awiri. Mulungu analenga m'masiku asanu ndi limodzi n'kupumula lachisanu ndi chiwiri. Tsiku limene Khristu anauka, Akhristu akale ankalitcha lachisanu ndi chitatu, loyamba la chilengedwe chatsopano. Komanso kalata yoyamba ya Petro, mutu 3, imakumbutsa kuti m'chombo cha Nowa munapulumuka anthu asanu ndi atatu, n'kufanizira chipulumutsocho ndi ubatizo. Nyumba zobatiziramo za ku Lateran ku Rome, ku Ravenna ndi ku Florence zonse ndi za mbali zisanu ndi zitatu. Ya ku Ravenna, imene inakongoletsedwa pakati pa zaka za m'ma 400, ili ndi chithunzi cha timiyala tamitundumitundu kudenga: Yesu ali m'madzi a Yordano, nkhunda ikutsika, atumwi atazungulira. Wobatizidwa akangodzutsa mutu ankaona zimene zikumuchitikira iye mwini.

Zizindikiro zina za pachitsime ndi chigoba cha nkhono ya m'nyanja chothirira madzi, nswala zikumwa pamtsinje monga mwa Salimo 42, ndi kandulo ya Pasaka imene imaima pambali pake nyengo ya Pasaka ikatha. Pa kanduloyi ndi pamene amayatsira kandulo ya wobatizidwa aliyense, ndipo ndi yomweyo imene imayaka pafupi ndi bokosi pa Misa ya maliro.

Sakramenti la Kulimbitsa limadziwika ndi chiyani? Nanga zilembo za pa timabotolo ta mafuta zimaimira chiyani?

Nkhunda ndi malilime a moto a pa Pentekoste ndizo zizindikiro zake zodziwika. Mukaona malawi asanu ndi awiri, wojambula akuloza mphatso zisanu ndi ziwiri za Mzimu Woyera, zimene magwero ake ali m'buku la Yesaya, mutu 11. Koma chizindikiro chenicheni cha sakramentili ndi dzanja la episkopi pamutu ndi mtanda wolembedwa pamphumi ndi mafuta a krisima.

Mafuta oyera alipo atatu, ndipo episkopi amawadalitsa kamodzi pachaka pa Misa ya Krisima, Lachinayi Loyera kapena tsiku lina loyandikira. Zilembo zake ndi zachilatini. OC kapena OS ndi mafuta a ofuna kubatizidwa. OI ndi a odwala. SC ndi krisima, mafuta osakaniza ndi zonunkhira za basamu. Krisima yemweyo amadzoza mutu wa wobatizidwa, mphumi ya wolimbitsidwa, manja a wansembe watsopano ndi mutu wa episkopi watsopano. Amadzozanso guwa ndi makoma a tchalitchi pa tsiku lochipatula. Timitanda timene mumationa m'makoma a matchalitchi ena, khumi ndi tiwiri kapena tinayi, nthawi zina tili ndi poika kandulo, ndi malo amene episkopi anadzoza tsiku limenelo. Nyumba imadzozedwa monga momwe Mkhristu amadzozedwera, chifukwa nyumbayo ndi chifaniziro cha anthu osonkhanamo.

Pa guwa ndi pa tabernakulo pamakhala nsomba, mwanawankhosa ndi mbalame. Zonsezi zikugwirizana bwanji ndi Ukaristia?

Ngala za tirigu ndi phava la mphesa n'zosavuta kumva: ndi zimene zimapanga mkate ndi vinyo. Zimaphunzitsanso za umodzi, popeza mkate umodzi umachokera ku njere zambiri. Nsomba imakumbutsa chakudya chimene Yesu anadyetsa khamu la anthu, ndipo kuyambira kale inali chizindikiro chimene Akhristu ankatchulira Khristu mwini. Mwanawankhosa ndi wa Pasaka wa Aisraele ndiponso wa m'buku la Chivumbulutso, wophedwa koma woimirira. N'chifukwa chake amajambulidwa ali ndi bala ndi mbendera ya chigonjetso.

Mbalame ija ndi vuwo. Anthu akale ankakhulupirira kuti njala ikavuta, vuwo amadzijompha pachifuwa n'kudyetsa ana ake magazi ake omwe. Mbalameyi sichita zimenezi. Ndi nthano, koma Mpingo unasunga chithunzicho chifukwa chimafotokoza bwino za amene amadyetsa anthu ake ndi moyo wake. Pali zithunzi zinanso za m'Chipangano Chakale zimene zimaikidwa pafupi ndi guwa: Melikizedeki ndi mkate ndi vinyo, mana a m'chipululu, ndi Eliya akudzutsidwa ndi mngelo kuti adye asanayambe ulendo wautali.

Komabe chizindikiro chachikulu m'chapelo si chojambula chilichonse koma guwa lenilenilo. Limaimira Khristu, n'chifukwa chake wansembe amalipsompsona ndi kulifukizira lubani. Timitanda tisanu tolembedwa pamwala wa guwa timakumbutsa mabala asanu. Nyali yoyaka usana ndi usiku pafupi ndi tabernakulo ndi lamulo la Mpingo, ndipo imadziwitsa kuti Ukaristia ulimo. Kufiira kwa galasi lake ndi chizolowezi chabe. Lachisanu Loyera nyaliyo imakhala yozima ndipo tabernakulo imasiyidwa yotsekula, yopanda kanthu.

Kulapa kumachitika mwamseri. Wojambula angakuonetse bwanji?

Amagwiritsa ntchito nkhani zitatu kapena zinayi. Makiyi a Petro, ochokera pa Mateyu 16, amaimira mphamvu yomanga ndi kumasula. Chithunzi chotchuka cha nkhaniyi ndi cha Perugino, cha m'ma 1481 ndi 1482, chimene chili pakhoma la Sistine Chapel ku Vatican. Tambala amakumbutsa kukana kwa Petro yemweyo ndi misozi yake. Kuika makiyi ndi tambala pamodzi ndi ulaliki wokwanira: amene anapatsidwa mphamvu yokhululukira ndi munthu amene anayamba wakhululukidwa. Palinso Mbusa Wabwino, ndi mwana wolowerera atagwada, atate ake atamusanjika manja pamsana, monga anajambulira Rembrandt chakumapeto kwa moyo wake.

Kabokosi kolapiramo kokhala ndi kazenera kotchinga si kakale monga ambiri amaganizira. Kanafala pambuyo pa Msonkhano wa ku Trent, makamaka chifukwa cha malangizo a kamangidwe ka matchalitchi amene Charles Borromeo, episkopi wamkulu wa ku Milan, anatulutsa mu 1577. M'chithunzi cha van der Weyden mulibe kabokosi: wolapa wangogwada pamaso pa wansembe poyera. Stola yachibakuwa imene wansembe amavala ndi ya mtundu womwewo wa nyengo ya Lenti.

Bwanji anthu ambiri amaopa Sakramenti la Kudzoza Odwala?

Apa zithunzi zili ndi mlandu wake. Kwa zaka mazana ambiri sakramentili linkaperekedwa makamaka kwa munthu amene watsala pang'ono kumwalira, ndipo ojambula ankaonetsa zomwezo: nkhope yotuwa, kandulo m'dzanja, abale akulira. Van der Weyden anaveka mngelo wake zakuda. Poussin anajambula chipinda chodzaza chisoni. Maso a mibadwo yambiri anaphunzira kuti wansembe akafika ndi mafuta ndiye kuti zatha, ndipo mpaka pano mabanja ena amazengereza kuitana Abambo poopa kuti akufulumizitsa imfa.

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha mapemphero a Mpingo cha mu 1963, unanena momveka kuti sakramentili si la okhawo amene ali pafupi kutsirizika. Munthu amene wayamba kudwala kwambiri, kapena wofooka ndi ukalamba, akhoza kulilandira, ndipo akhoza kulilandiranso matenda akakula kapena akabwerera. Magwero ake ndi kalata ya Yakobo, mutu 5, imene imalangiza wodwala kuitana akulu a Mpingo kuti amupempherere ndi kumudzoza. Mu 1972 Papa Paulo VI analolanso kuti kumene mafuta a olivi ndi osowa, mafuta a mbewu zina agwiritsidwe ntchito. Sakramenti lenileni la wotsirizika ndi Ukaristia wolandiridwa monga kamba wa paulendo.

Choncho chapelo cha pachipatala chimafunika zithunzi za Yesu akugwira dzanja la apongozi a Petro, akukhudza wakhate, kapena za Msamariya akuthira mafuta pamabala. Zimenezi ndizo zikugwirizana ndi chiphunzitso cha lero.

Nanga Unsembe ndi Ukwati?

Onse awiri amajambulidwa ndi manja. Pa Unsembe, episkopi amasanjika manja pamutu pa wodzozedwa osalankhula kanthu, kenako n'kunena pemphero lopatula. Zotsatira zake, monga kudzoza zikhatho ndi kupereka chikho ndi kambale ka mkate, zimalongosola ntchito imene munthuyo walandira. Stola imasiyanitsa maudindo: dikoni amaivala mopingasa kuchokera paphewa lamanzere, wansembe pamapewa onse awiri. Episkopi amadziwika ndi mphete, chisoti ndi ndodo ya ubusa. Ojambula ena a masiku ano amasankha beseni ndi nsalu yopukutira, kukumbutsa kuti usiku umene Yesu anapereka Ukaristia ndi womwewo anasambitsa mapazi a ophunzira ake.

Pa Ukwati, chizindikiro chakale ndi manja awiri akumanja olumikizana. Mu Mpingo wa Chilatini, umene Akatolika ambiri a kuno alimo, mwamuna ndi mkazi ndiwo amapatsana sakramentili pamene akuvomerezana. Wansembe amakhala mboni ya Mpingo ndi wodalitsa. Chithunzi chabwino cha ukwati chimaika awiriwo pakati, wansembe pambali. Mphete ziwiri zolowerana ndi mitsuko isanu ndi umodzi ya ku Kana ndizo zizindikiro zina zofala.

Zithunzi zambiri zimaonetsa Yesu ngati mzungu. Kodi n'kololedwa kumujambula ndi nkhope ya kuno?

N'kololedwa, ndipo si chachilendo. Yesu anali Myuda wa ku Galileya. Van der Weyden anaimika mtanda wa pa Gologota m'tchalitchi cha kamangidwe ka kwawo, ndipo olandira masakramenti anawaveka zovala za anthu a ku Flanders a nthawi yake. Akhristu a ku Ethiopia akhala akujambula Yesu ndi Maria m'kajambulidwe kawo kwa zaka mazana ambiri. Zithunzi zimene amishonale anabwera nazo zinali za kwawo, osati za kumwamba. Chikalata cha mu 1963 chija chimanena kuti Mpingo sunasankhe kajambulidwe kamodzi kukhala kakekake, ndipo luso la mtundu uliwonse wa anthu lili ndi malo m'tchalitchi malinga likhale laulemu.

Ku Malawi ntchito imeneyi imadziwika kwambiri ndi Mua, mishoni ya m'boma la Dedza imene ansembe a chipani cha White Fathers anaitsekula mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa dzina lakuti Achisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni. Kumeneko amisiri aphunzira kusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope, zovala ndi zizindikiro za Achewa, Angoni ndi Ayao. Ntchito zawo zili m'matchalitchi a m'dziko muno ndi kunja, kuphatikizapo chapelo cha bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany. Ku Zimbabwe, Bambo John Groeber a ku Switzerland anachita zofanana pa mishoni ya Serima, kumene anyamata a pasukulu anadzaza tchalitchi ndi zosema zawo.

Ndiye tingajambule chimanga ndi nsima m'malo mwa tirigu ndi mkate?

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Zipangizo za sakramenti sizisintha: malamulo a Mpingo amati mkate wa Misa ukhale wa tirigu, ndipo vinyo akhale wa mphesa. Chithunzi chimene chingachititse mwana wa katekisimu kuganiza kuti nsima ikhoza kupatulidwa paguwa chaphunzitsa zolakwika. Koma zozungulira sakramenti zili ndi ufulu waukulu. Wosema akhoza kuonetsa amayi atasenza malichero a chimanga pa nthawi ya zopereka, chifukwa ndi zimene zimachitikadi. Akhoza kupanga tabernakulo yooneka ngati nkhokwe, popeza aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti nkhokwe ndi posungira chakudya chopulumutsa banja, malinga ikhale yolimba, yosaonekera mkati ndi yokiyika monga malamulo amanenera.

Chizindikiro cha kuno chimafunikanso kufunsa eni ake. Chinthu chotengedwa ku miyambo ya chinamwali kapena ku Gule Wamkulu chili kale ndi tanthauzo lake pakati pa anthu, ndipo tanthauzolo silichoka chifukwa chakuti chalowa m'tchalitchi. A ku Mua anayamba ndi zaka zambiri zofufuza ndi kumvetsera akuluakulu a m'midzi, ndipo zipatso za kafukufukuyo zili m'nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare. Wofuna kutengera luso lawo atengerenso kuleza mtima kwawo.

Kodi chapelo chopanda zithunzi zambiri n'choperewera?

Ayi. Chikalata cha mu 1963 chimapempha kukongola kwaulemu m'malo modzionetsera chuma, ndipo chimati zithunzi zisachuluke mopitirira muyeso ndiponso ziikidwe mwadongosolo, kuti zisasokoneze anthu. Chitsanzo chodziwika ndi chapelo cha asisiteri a chipani cha Dominiko ku Vence, kumwera kwa France, chimene Henri Matisse anachikonza kuyambira 1947 mpaka 1951, ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80. Makoma ake ndi oyera. Pali zojambula zitatu zokha za mizere yakuda: Dominiko Woyera, Maria ndi Mwana, ndi Njira ya Mtanda yonse pakhoma limodzi. Mawindo ndi a magalasi achikasu, obiriwira ndi abuluu. Mwala wa guwa anausankha chifukwa maonekedwe ake akufanana ndi a mkate.

Mpingo umadziwanso kusala ndi maso. Kuyambira Lamulungu lachisanu la Lenti, m'maparishi ambiri mitanda ndi zosema zimaphimbidwa ndi nsalu, ndipo Lachinayi Loyera madzulo guwa limavulidwa zonse. Misa yochitikira pansi pa mtengo, pa mphakati wa kumudzi, ndi Misa yathunthu monga ya ku Rome.

Komiti ya pa parishi kapena pasukulu ikafuna kukongoletsa chapelo iyambire pati?

Iyambe ndi guwa, poulutsira Mawu a Mulungu, mtanda ndi tabernakulo, ndipo ngati pamalopo pamabatizidwa anthu, chitsime cha ubatizo. Zimenezi zikakhala zolimba ndi zopangidwa bwino, zina zonse zikhoza kudikira. Kenako ifunse kuti ndani amapemphera pamenepo ndipo amalandira masakramenti ati. Chapelo cha ana asukulu okonzekera Kulimbitsa sichifuna zithunzi zofanana ndi cha odwala. Isanagule kanthu ikambirane ndi bambo mfumu ndi a ku dayosizi, chifukwa episkopi ndiye ali ndi udindo woyang'anira zimene zimaikidwa m'malo opatulika. Pomaliza iganizire amisiri a pafupi, iwapatse nthawi yowerenga nkhani imene akusemayo, ndipo iwalipire mtengo woyenera ntchito yawo.

Kwa inu akatekisiti ndi makolo, musasiye makomawa akulankhula okha. Tengani ana Misa ikatha, muyende nawo kuchokera pakhomo mpaka paguwa, muwafunse chimene akuona, ndipo chizindikiro chilichonse muchilumikize ndi sakramenti lake ndi nkhani yake ya m'Baibulo. Chimene simukuchidziwa mukafunse kwa Abambo Lamulungu likudzali.